Tiphunzire liwu loti "unequivocal": kulankhula kosapita m'mbali

Pa tchuthi chapitachi, ife atatu amene tikuphunzira zauphunzitsi tinabwerera kwathu ku Mulanje Mission titapangana chinthu chimodzi. Tinagwirizana kuti kwa masabata atatu tiziphunzitsa ulere ana a Fomu 4 a m'midzi yozungulira mishoni, amene ankakonzekera mayeso a MSCE. Tinasankha Chingerezi chifukwa tonse tikudziwa kuti mwana akalephera phunziro limeneli salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Tinabwereka chipinda, tinagula choko, ndipo ana anabwera ambiri kuposa mipando.

Lachisanu loyamba tinawapatsa mayeso. Pamwamba pa bolodi tinalemba lamulo ili: "Answer questions 1 and 2 or 3." Kwa ife zinali zomveka bwino. Tinkatanthauza kuti aliyense ayankhe funso 1, kenako asankhe limodzi pakati pa funso 2 ndi funso 3. Pochonga tinadabwa kupeza kuti ana angapo ayankha funso 3 lokha. Iwo anamva kuti ayankhe 1 ndi 2 pamodzi, kapena ayankhe 3 lokhalo. Mmodzi wa iwo anali mtsikana amene ankayankha bwino kuposa onse m'kalasimo. Tinamudula theka la malikisi.

Lolemba, atalandira pepala lake, anabwera kwa ife misozi ili chilengelenge. "Aphunzitsi, inetu ndinachita zimene munalemba," anatero. Tinayamba kumufotokozera zimene tinkatanthauza. Bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankatisungira kiyi wa chipindacho, anali pakhomo akumvetsera. Anapempha kuona pepala limene tinakoperapo mafunso, anawerenga kawiri, n'kunena kuti: "Ana anga, mwanayu sanalakwe. Lamulo la mayeso liyenera kukhala unequivocal."

Tinagwedeza mitu ngati tamva, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankalidziwa liwulo. Paja safunsa anadya phula, choncho madzulo ake tinatsegula mtanthauziramawu. Zimene tinapeza, ndi zimene takhala tikuphunzira kuchokera tsiku limenelo, ndizo tikufuna kugawana nanu, anzathu.

Tanthauzo lake

Liwu loti "unequivocal" ndi mfotokozi. Limafotokoza mawu, yankho, lamulo kapena umboni umene uli woonekeratu ndipo uli ndi tanthauzo limodzi lokha, moti womva sangaumve pawiri kapena kutsala ndi chikayiko. M'Chichewa tili nazo njira zambiri zonenera zimenezi. Timati munthu walankhula mosapita m'mbali, mosapsatira mawu, mwachindunji, mwatchutchutchu. Nthawi zina timangoti sanabise Chichewa.

Liwuli limaoneka loopsa chifukwa ndi lalitali, koma likaphwanyidwa limafewa. Lili ndi zigawo zitatu. Kachigawo koyamba, "un", kamakana, monga mmene kamachitira m'mawu oti "unhappy" ndi "unknown". Chigawo chachiwiri, "equi", chinachokera ku liwu la Chilatini lakuti "aequus", lotanthauza kufanana. Timalipezanso m'mawu oti "equal", "equation" ndi "equator", mzere uja wogawa dziko lapansi m'magawo awiri ofanana. Chigawo chachitatu, "vocal", chinachokera ku mawu a Chilatini onena za liwu la munthu ndi kuitana, ndipo abale ake ndi "voice" ndi "vocabulary".

Tikaphatikiza zigawo ziwiri zomalizazo timapeza "equivocal": mawu amene ali ndi matanthauzo awiri olira mofanana, moti womva sadziwa kuti atsate liti. Lamulo lathu la pabolodi lija linali lotero. Tikaikapo "un" kumayambiriro, ndiye kuti tanthauzo lachiwiri lija tachotsa, kwatsala limodzi.

Banja la liwuli n'losavuta kuloweza. Muonjezi wake ndi "unequivocally". Mneni ndi "equivocate", kutanthauza kulankhula mozungulira mwadala pofuna kuzemba kapena kusokoneza. Dzina la mchitidwewo ndi "equivocation". Mukaphunzira limodzi, mwapata asanu.

Katchulidwe kake

Liwuli lili ndi maphatikizo asanu: un-e-quiv-o-cal. Mphamvu imagwera pa phatikizo lachitatu, ndipo limamveka ngati ani-KWI-vokol. Apa ndi pamene ambiri a ife timapunthwa. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, monga mmene timatchulira Mulanje kapena chimanga. Chizolowezi chimenechi chimatinyenga kuti tikoke "vo". Yesani kuwomba m'manja kamodzi pofika pa "kwi", ndipo muthamangitse maphatikizo awiri otsalawo. Mukabwereza kakhumi lilime lizolowera.

Polemba, samalani ndi mapeto ake. Ena amalemba "unequivocable" poganiza kuti likutha ngati "comfortable". Ngakhale eni chinenerocho amalakwitsa motero, koma wochonga mayeso adzakudulani. Liwuli limatha ndi zilembo c, a, l.

Kusiyana kwake ndi mawu ena

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangoti "obvious" kapena "clear"? Mawuwa ndi apachibale, koma sagwira ntchito imodzi.

Munthu akaima pa Mulanje Mission m'mawa kopanda mitambo, phiri la Mulanje safunika kulozeredwa. Lili pomwepo, lalikulu, aliyense akuliona. Chimenecho ndi "obvious": chinthu choonekera chokha, chosafuna kufotokozedwa. Chiperoni chikabwera phirilo limabisika, ndipo chikachoka timati kwayera, tikuona bwinobwino. Kumeneko ndi "clear": palibe chotchinga maso kapena nzeru. Liwu lina, "explicit", limanena za chinthu chimene chatchulidwa poyera, chonse, osasiyira womva kuti aganizire yekha.

Koma "unequivocal" limanena makamaka za uthenga, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi mawuwa angamveke m'njira ina? Lamulo lathu lija linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zowerengeka kuchokera kumbuyo kwa kalasi, ndipo liwu lililonse linali losavuta. Komabe linali ndi makomo awiri. Chinthu chikhoza kuoneka chodziwikiratu kwa wolemba chifukwa iye akudziwa kale zimene zili m'mutu mwake, pamene wowerenga ali ndi zilembo zokha.

Chichewa chathu nachonso chili ndi mawu a makomo awiri. Tikalemba kuti "mtengo wakwera" timamva za malonda, koma "mtengo wagwa" ukhoza kukhala wa mango kuseri kwa nyumba kapena wa chimanga pamsika. Liwu loti "khungu" likhoza kukhala la pathupi kapena la kusaona. Polankhula, kukwera ndi kutsika kwa mawu kumatithandiza kusiyanitsa, koma papepala chithandizo chimenecho palibe. N'chifukwa chake wolemba ayenera kusamala kuposa wolankhula.

Kagwiritsidwe kake m'ziganizo

Liwuli limakonda kuyenda ndi mayina ena odziwika: answer, evidence, support, statement, warning, apology, refusal. Nazi ziganizo zinayi zimene tinapanga tokha.

"The head teacher gave an unequivocal answer." Aphunzitsi aakulu anayankha mosapita m'mbali.

"The evidence against him was unequivocal." Umboni womutsutsa unali wosasiya chikayiko.

"She unequivocally refused the offer." Anakanitsitsa, osasiya mpata woti wina aganize kuti mwina avomera mawa.

"The test result was equivocal, so the nurse asked for another sample." Zotsatira za kuyeza sizinaonetse mbali imodzi, choncho namwino anapempha kuti ayezenso. Anzathu amene akuphunzira zachipatala ku Malamulo, kapena unamwino pa koleji ya ku Mulanje Mission komweko, adzakumana nalo liwuli m'mabuku awo, chifukwa ndi mmene amatchulira zotsatira zimene sizikunena kuti matenda alipo kapena palibe.

Onaninso zinthu ziwiri. Popeza liwuli limayamba ndi lembo la liwu, timati "an unequivocal answer", osati "a". Ndiponso silifuna "very" patsogolo pake, chifukwa chinthu chimene chili ndi tanthauzo limodzi sichingakhale nalo limodzi kwambiri. Ndi liwu la m'makalata, m'malipoti, m'makhoti ndi m'zimangirizo. Pocheza ndi mnzanu pamsika mungoti "clear" basi.

Pamene liwu limodzi linasintha zinthu

Amene tinawerenga sewero la Macbeth la William Shakespeare ku sekondale tinakumana kale ndi nkhaniyi, ngakhale sitinaitchule dzina. Mizimu imene afiti aja anaitana inalonjeza Macbeth kuti munthu wobadwa mwa mkazi sangamuphe, ndiponso kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kufika ku Dunsinane. Iye anamva kuti ndi wosagonjetseka. Koma asilikali anadula nthambi za m'nkhalangoyo n'kuyenda nazo, ndipo Macduff amene anamupha sanabadwe mwa njira ya masiku onse: anachita kutulutsidwa m'mimba mwa mayi ake. Malonjezo aja sanali bodza lenileni. Anali mawu a makomo awiri, ndipo Macbeth analowera khomo limene mtima wake unkafuna. Mawu otere ndi oopsa kuposa bodza lapoyera, chifukwa wowanena amatha kudzikanira kuti sananame.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo chachikulu. Gawo 80, ndime 2, la malamulo oyendetsera dziko la Malawi linkanena kuti mtsogoleri wa dziko asankhidwe ndi "majority". Kodi liwuli likutanthauza mavoti ochuluka kuposa a wina aliyense wopikisana naye, kapena mavoti oposa theka la onse? Pambuyo pa chisankho cha 1999, Khoti Lalikulu la Apilo linatsata tanthauzo loyamba. Pa chisankho cha mwezi wa May 2019, amene analengezedwa kuti wapambana anali ndi mavoti osakwana 39 pa 100 aliwonse. Pa 3 February 2020, oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa zotsatira za chisankhocho chifukwa cha zolakwika pa kayendetsedwe kake, ndipo ananenanso kuti "majority" ndi mavoti oposa theka. Khoti la Apilo linagwirizana nawo m'mwezi wa May chaka chomwecho, ndipo chisankho chinachitikanso pa 23 June 2020. Sitikunena pano za chipani ichi kapena icho. Tikungoona kuti kwa zaka pafupifupi 20 dziko lonse linayenda ndi tanthauzo limodzi la liwu, kenako linatembenukira ku lina. Olemba lamulolo akanalemba kuti "oposa theka la mavoti onse", mkangano umenewo sukanakhalapo.

Chitsanzo chachitatu chikutifikitsanso ku Mulanje. Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC, limene lili pansi pa United Nations, limasankha mawu mosamala kwambiri. Nthawi zambiri limalemba kuti chinthu chikuoneka kuti chingachitike, kapena kuti pali chikhulupiriro chachikulu kuti chili chomwecho. Koma m'lipoti lake la 2007 linagwiritsa ntchito liwu lathuli ponena kuti dziko likutentha, ndipo mu August 2021 linaligwiritsanso ntchito ponena kuti zochita za anthu ndizo zatenthetsa mlengalenga, nyanja ndi mtunda. Nyuzipepala za m'mayiko ambiri zinalemba za liwu limenelo chifukwa akatswiriwa saliwaza ngati mchere. Tikuphunzirapo kuti liwuli ndi lolemera, ndipo tiziligwiritsa ntchito pokhapokha pamene chikayiko chathadi.

Ife a ku Mulanje sitingawerenge za nyengo osakumbukira mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukokolola midzi kuno, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Taganizirani mfumu kapena mkulu wa mpingo amene walandira uthenga wa ngozi yotere. Akauza anthu kuti "tikhale tcheru, nyengo sili bwino", wina amva kuti atseke mawindo, wina amva kuti akweze matumba a chimanga pamwamba. Akanena kuti "aliyense amene ali m'mphepete mwa mtsinje achoke lero dzuwa lisanalowe, apite ku sukulu", palibe khomo lachiwiri. Chenjezo ndi malo amene mawu ozungulira amatha kupha.

Nanga ulemu wathu?

Apa tiyenera kunena chilungamo. Tinaleredwa m'chikhalidwe chimene chimalemekeza kulankhula mokuluwika. Munthu akamwalira timati watisiya kapena watsikira kulichete. Mayi woyembekezera timati ndi wodwala kapena ali ndi pakati. Mkulu akatipempha chinthu chimene sitingathe, sitimati "ayi" m'maso muli gwa. Timati "tiona" kapena "ndikuuzani". Zimenezi si zoipa. Zimasunga ubale, ndipo pamaliro kapena pamaso pa apongozi ndi mmene munthu woleredwa amalankhulira. Ndipotu mawu oti watisiya aliyense amawamva tanthauzo limodzi, ndiye ngakhale ndi ofewa, si a makomo awiri.

Vuto limabwera pamene kufewa kwasanduka chifunga. Mnzanu wakubwerekani ndalama ya fizi n'kunena kuti abweza "posachedwa". Mnyamata wafunsira, mtsikana sakufuna, koma poopa kukhumudwitsa wayankha kuti "ndiganize kaye", ndipo mnyamatayo akuvutitsabe mpaka teremu kutha. Wophunzira wa Adventist wapeza ganyu, ndipo pofunsidwa ngati adzagwira Loweruka wayankha kuti "tidzaona nthawi yake", kenako mkangano wabuka sabata yachiwiri. Pa zonsezi yankho lomveka, loperekedwa mwaulemu pa chiyambi, likanapulumutsa onse awiri. Ambuye Yesu, pa Mateyu 5:37, anaphunzitsa kuti kuvomera kwathu kuzikhala kuvomeradi ndipo kukana kwathu kuzikhala kukanadi. Mneneri Habakuki naye anauzidwa kuti alembe masomphenya momveka, kuti wowerenga asavutike. Lemba limeneli, Habakuki 2:2, ndi limene linalimbikitsa Charles Fitch ndi Apollos Hale mu 1842 kujambula tchati cha maulosi chimene alaliki a chiyembekezo cha kubweranso kwa Yesu ankapachika pamaso pa anthu. Kulemba momveka ndi mwambo wakale pakati pathu.

Ulemu ndi kumveka sizilimbana. Munthu akhoza kugwada, kutsitsa mawu, n'kunena kuti: "Pepani bambo, Loweruka sindigwira ntchito, koma Lamulungu ndibwera m'mawa." Ulemu ulipo wonse, ndipo tanthauzo ndi limodzi.

Zimene tinasintha

Tsiku lotsatira tinaima pamaso pa kalasi n'kuvomera kuti olakwa tinali ife. Sizinali zophweka kwa aphunzitsi a zaka 20 amene ankafuna kuoneka odziwa. Tinachonganso mapepala a onse amene anayankha funso 3 lokha, ndipo mtsikana uja anakhala woyamba. Kenako tinalemba lamulo lija mwatsopano: "Answer two questions. Question 1 is compulsory. Then choose either question 2 or question 3." Mawu anachuluka, koma khomo linatsala limodzi.

Bambo aja anatipatsanso njira imene takhala tikuitsata. Anati tikalemba funso kapena chidziwitso, tizipatsa munthu amene sanali nafe pokonza, n'kumufunsa kuti atiuze zimene achite akawerenga. Tisamufunse ngati wamva, chifukwa aliyense amayankha kuti wamva. Ngati zimene wanena zasiyana ndi zimene tinkafuna, cholakwa chili papepala. Taonanso kuti malo oterera kwambiri ndi atatu: mawu olumikiza monga "and" ndi "or" akakhala m'chiganizo chimodzi, mawu a nthawi monga "next Tuesday" kapena "mawa lija", amene ndi bwino kuwalowetsa m'malo ndi deti, ndi alowam'malo monga "he", "she" ndi "it" pamene anthu kapena zinthu zotchulidwa zili ziwiri.

Yesani nokha

Choyamba, pezani matanthauzo awiri a chiganizo chilichonse mwa izi, kenako muchilembenso kuti chitsale ndi limodzi.

1. "The teacher told the student that she was late."
2. "Visiting relatives can be expensive."
3. "Bring your brother and sister or your guardian."
4. "Anaona mlendo akupita kuchipatala."

Chachiwiri, sankhani liwu loyenera pakati pa "equivocal", "unequivocal", "unequivocally" ndi "equivocate".

1. The witness began to ______ when the lawyer asked where he had slept.
2. The committee ______ rejected the proposal.
3. His reply was so ______ that both sides thought he supported them.
4. We need an ______ promise that the money will be returned on 30 June.

Mayankho a gawo lachiwiri ndi awa, motsatana: equivocate, unequivocally, equivocal, unequivocal.

Chachitatu, sabata ino yang'anani pa bolodi la zidziwitso la pakoleji kapena la kutchalitchi kwanu. Sankhani chidziwitso chimodzi, muchiwerenge ngati mlendo amene wangofika kumene. Kodi mukudziwa tsiku, nthawi, malo ndi amene akufunika? Ngati ayi, chilembeni mwatsopano, ndipo mukachionetse mwaulemu kwa amene anachipachika.

Ambiri a ife zaka zikubwerazi tidzaima pamaso pa makalasi odzaza, ndipo mwana wa kumbuyo kwenikweni sadzakhala ndi mpata wofunsa kuti tinkatanthauza chiyani. Adzangokhala ndi zimene talemba pabolodi. Mtsikana wa ku Mulanje Mission uja anali ndi mtima wobwera kudzadandaula. Ena amangopinda pepala n'kupita kwawo akudziona ngati mbuli, pamene cholakwa chinali cha mphunzitsi. Tiyeni tiphunzire liwuli, tilitchule bwino, tililembe bwino pa mayeso, koma koposa zonse tizilikumbukira nthawi iliyonse tikatola choko.